Boma Lothandiza Makampani a Zombo za M'mlengalenga Liyeneranso Kuteteza Okwera

Pa 31 Okutobala 2014, chombo cha SpaceShipTwo cha kampani ya Virgin Galactic chinaphwasuka chili m'mwamba pa chipululu cha Mojave ku California, pa ulendo woyeserera. Wothandizira kuyendetsa chombocho, Michael Alsbury, anafa, pamene mnzake Peter Siebold anatsika ndi parachuti atavulala kwambiri. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti Alsbury anamasula msanga loko wa mapiko a kumchira. Komabe silinasenzetse malemuwo mlandu wonse. Linati kampani yomwe inapanga chombocho, Scaled Composites, sinalingalire kuti munthu mmodzi akaphonya kamodzi chombo chonse chitha kuwonongeka, ndipo linadzudzulanso FAA, nthambi ya boma la America yoyang'anira maulendo a m'mlengalenga, chifukwa cha mmene inaperekera chilolezo.

Ngoziyi inagwa patatha zaka pafupifupi khumi nyumba ya malamulo ya Congress itakhazikitsa lamulo lomwe likulamulirabe malonda amenewa. Mu 2004, chombo cha SpaceShipOne chitangopata mphoto ya Ansari X Prize ya madola 10 miliyoni, aphungu anapatsa makampani chimene anachitcha nthawi yophunzira. M'nthawi imeneyi FAA ili ndi mphamvu zoteteza anthu ndi katundu amene ali pansi, koma siloledwa kuika malamulo a kapangidwe ka chombo pofuna kuteteza okwera, pokhapokha patachitika imfa, kuvulala koopsa, kapena vuto lomwe likanabweretsa zimenezo. Poyamba nthawiyo inali ya zaka zisanu ndi zitatu. Inawonjezeredwa mu 2012, mu 2015, ndi kangapo konse pambuyo pake, kotero kuti wophunzirayo wadutsa zaka makumi awiri asanalembe mayeso.

Chimene chimateteza wokwera pakadali pano ndi pepala. Kampani imamuuza m'kalata zoopsa za ulendowo, n'kumudziwitsanso kuti boma silinatsimikize kuti chombocho n'chotetezeka, iye n'kusaina. Ngakhale dzina lake m'lamulomo linasankhidwa mochenjera: satchedwa wapaulendo monga wa m'ndege, koma wotenga nawo mbali. Wapaulendo amayembekezera kuti womunyamula akamufikitse ali bwino, pamene wotenga nawo mbali amasenza yekha zotsatira. Komatu kuvomera kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha wovomerayo akumvetsa chimene wavomera. Alendo oyamba olipira, Dennis Tito mu 2001 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2002, anaphunzitsidwa miyezi yambiri ku Russia asanakwere chombo cha boma cha Soyuz. Wokwera New Shepard ya kampani ya Blue Origin, pa ulendo wa mphindi pafupifupi 11, ankaphunzitsidwa masiku ochepa chabe. Munthu wotere sangayeze yekha kulimba kwa injini.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mfundo yosayenera kunyozedwa. Amati malamulo olembedwa msanga amamanga manja akatswiri, popeza chombo chouluka ngati ndege n'chosiyana kwambiri ndi kabokosi kokhala pamwamba pa roketi, ndipo lamulo limodzi silingakwanire zonse. Amatinso munthu wamkulu wofuna kuika moyo wake pachiswe ndi ndalama zake, monga okwera phiri la Everest, asaletsedwe. Mfundoyi ikanakhala yolimba malondawa akanakhala odziimira paokha.

Koma dzanja la boma lili paliponse. Mu 2014 bungwe la NASA linapereka makontirakiti a madola 4.2 biliyoni kwa Boeing ndi 2.6 biliyoni kwa SpaceX kuti apange zombo zonyamula anthu. Mtundu wa chombo wa Crew Dragon, umene unanyamula Bob Behnken ndi Doug Hurley mu Meyi 2020, ndiwo unanyamulanso anthu wamba anayi pa ulendo wa Inspiration4 mu 2021. Bwalo la Spaceport America ku New Mexico, kumene Richard Branson ananyamukira mu Julaye 2021, linamangidwa ndi ndalama za misonkho zoposa madola 200 miliyoni. Lamulo limalolanso boma kuthandiza kulipira chipukutamisozi ngati roketi yawononga za anthu ena kupitirira inshulansi ya kampani. Wokhoma msonkho amene wasenza zonsezi ali ndi ufulu wofunsa kuti zombozo zayezedwa ndi ndani.

Chomvetsa chisoni n'chakuti boma lomwelo limadziwa kuyeza pamene okwerawo ndi antchito ake. NASA imaunika chombo chilichonse isanakwezemo anthu ake. Mu Ogasiti 2024, Starliner ya Boeing itavuta mainjini owongolera ndiponso itayamba kutaya mpweya wa helium, NASA inasankha kuti chombocho chibwerere chopanda anthu. Butch Wilmore ndi Suni Williams, amene anapita kukakhala pafupifupi sabata imodzi, anabwera mu Malichi 2025 pa chombo cha SpaceX. Kusamala koteroko n'koyamikirika, koma akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Moyo wa munthu wogula tikiti suchepa mtengo chifukwa choti sali pa ntchito ya boma.

Zimene pepala losainidwa limalephera kuchita zinaonekera pa nyanja mu Juni 2023, pamene sitima yaing'ono ya pansi pa madzi ya Titan inaphwanyika popita kukaona zotsala za Titanic, n'kupha anthu asanu. Sitimayo inali isanatsimikizidwe ndi bungwe loima palokha, ndipo okwera ake ankasaina mapepala ovomereza kuti atha kufa. Siginecha inalipo, koma sinalimbitse chitsulo ngakhale chimodzi.

Kuthetsa nthawi yophunzira sikutanthauza kulembera akatswiri mmene angamangire msomali uliwonse. Boma lingaike zolinga n'kusiya njira m'manja mwa makampani: kuti kulakwitsa kumodzi kusaphe anthu, kuti woima payekha aunike chombo chisananyamule olipira, ndiponso kuti zovuta zonse za pa ulendo zizilengezedwa poyera. Makampani aonetsa kale kuti angathe. Mu Seputembala 2022 roketi ya New Shepard inawonongeka ili m'mwamba yopanda anthu, ndipo kabokosi ka okwera kanadzipatula n'kutera bwinobwino.

Pangano la maiko la mu 1967 lokhudza za mlengalenga limati dziko lililonse liziyankha pa zochita za makampani ake ndi kuwayang'anira mosalekeza. Popeza America ndiyo yatsogola pa malonda amenewa, maiko ena adzatengera kwa iyo polemba malamulo awo. Congress ikapitiriza kuwonjezera zaka, lamulo loteteza okwera lidzalembedwabe, koma lidzalembedwa pambuyo pa maliro.