ANASOWA ALI M'MANJA MWA BOMA

Abale athu anchito, inu a m'migodi, a m'mafamu, a pa njanji ndi a m'nyumba za mabwana, tamverani nkhani iyi ya ku Pretoria, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzace.

Pa 10 July, 2024, woweruza Mai Mmonoa Teffo anakhala m'bwalo lalikulu la milandu la mu Pretoria, nawerenga cigamulo ca mlandu umene unayamba kumveka m'July 2021. Mlanduwo unali wofufuza imfa za anthu 141 odwala m'mutu, amene boma la cigawo ca Gauteng linawacotsa m'zipatala za Life Esidimeni m'caka ca 2016. Ambiri a iwo anali atakhala m'zipatalamo zaka zoculuka, ndipo ena anamera imvi ali momwemo. Woweruzayo anapeza kuti anthu 9 anafa cifukwa ca kusasamala kwa Mai Qedani Mahlangu, amene pa nthawiyo anali nduna ya za umoyo m'cigawomo, ndi Dr Makgabo Manamela, amene anali mkulu woyang'anira za odwala m'mutu. Anthu 9 mwa anthu 141! Nanga ena onsewo anafa bwanji, ndipo cifukwa ninji bwalo silinathe kuloza cala munthu pa imfa zao? Funso limeneli ndi limene latilembetsa pepala lino, pakuti yankho lace likhudza mchona ali yense amene akukalambira kutali ndi kwao.

Tiyambe ndi m'mene zinakhalira. Life Esidimeni ndi kampani imene boma linali kuilipira kuti isunge odwala m'mutu amene acibale sangathe kuwasunga pa khomo. M'October 2015 nduna ija inalengeza kuti pangano ndi kampaniyo lithetsedwa, ati boma lilibe ndarama, ndiponso ati nkwabwino kuti odwala azikhala pafupi ndi anthu anzao. Ku Life Esidimeni boma linali kulipira R320 pa tsiku pa wodwala mmodzi, ndipo ku timabungwe tating'ono kumene linafuna kuwatumiza linati lizilipira R112. Inu amene mugula ufa ndi ndiwo ku Joni werengani nokha: kodi R112 ingagule cakudya, mankhwala, bulangete, sopo, ndi kulipiranso namwino wa usana ndi wa usiku?

Acibale anakana. Madokotala anacenjeza. Mabungwe monga SADAG ndi maloya a Section27 anapita ku khoti m'December 2015, napitanso m'March 2016. Boma silinamve. M'miyezi yocepa ya caka ca 2016 anthu ngati 1,700 anasamutsidwa, ena atakwezedwa pa magalimoto osatseka monga akwezera matumba a cimanga, ambiri opanda makalata ao a cipatala, opanda mankhwala ao, ndi ena opanda ngakhale citupa coonetsa dzina. Acibale ambiri sanauzidwe kumene munthu wao wapita. Mai amene anazolowera kukaona mlongo wace mwezi ndi mwezi anafika napeza bedi lopanda munthu, ndipo anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, cipatala ndi cipatala, kufunsa. Ena anayenda masabata, ena miyezi, ndipo kothera kwace kunali ku mochale. Ena anapeza kuti mbale wao anaikidwa kale m'manda a boma a anthu opanda eni, eni ace ali moyo ndipo akumfunafuna.

Tipatuke pang'ono. Kampani imeneyi si ya dzulo ai. Makolo ace ndi kampani ya Smith Mitchell, imene m'masiku a tsankho inali kusunga anthu akuda odwala m'mutu zikwizikwi, ndipo ena inawasunga m'makomponi akale a migodi. Madokotala a ku America amene anakayendera malowo analemba m'caka ca 1979 kuti anthu anali kufa imfa zosayenera. Cotero makomponi omwe aja m'mene munagona atate athu a Wenela, golide atatha, anasanduka mosungira anthu amene boma silinafune kuwaona. Sitikuyamika kampaniyo tsono. Koma m'caka ca 2016 odwala anali kudya ndi kulandira mankhwala m'menemo, ndipo anawacotsa kuwapititsa kumene kunalibe zonse ziwiri.

M'September 2016 nduna ija inafunsidwa m'nyumba ya malamulo ya Gauteng, niyankha kuti odwala amene afa ndi 36. Pambuyo pace Professor Malegapuru Makgoba, amene boma linamuika kukhala wofufuza madandaulo a za umoyo, anapeza kuti pa tsiku limene nduna inanena mauwo anthu 77 anali atafa kale. Lipoti lace linatuluka pa 1 February, 2017, litawerenga imfa 94, ndipo ndunayo inatula pansi udindo. Iye anapeza kuti mabungwe onse 27 amene analandira odwala analibe ziphaso zoyenera, ndi kuti mwa anthu 94 aja mmodzi yekha ndiye anafa ndi cinthu cokhudza matenda ace a m'mutu. Imfa zambiri zinacitika kuno ku dera la Pretoria. Pa nyumba ya Precious Angels, ku Atteridgeville, anawerenga anthu 20. Ku Cullinan, kum'mawa kwa mzinda, anawerenga 25. Ndipo cinawapha nciani? Njala, ludzu, cisanu ca mwezi wa June, cibayo, zilonda za pogona zimene zinaola osatsukidwa, ndi khunyu lopanda mankhwala. Kumudzi, nkhalamba ikafa ndi ludzu m'nyumba mwako, mfumu ikuitana tsiku lomwelo.

Pamenepo panakhala bwalo lina, la woweruza wopuma Dikgang Moseneke, limene linamva acibale ndi akuluakulu a boma kuyambira October 2017. Pa 19 March, 2018, iye anagamula kuti akufa anafika 144, kuti ena 1,418 anapulumuka atazunzika, ndi kuti pa tsikulo anthu 44 sanali kudziwika kumene ali. Taganizani, abale: boma linatenga anthu ndi manja ace, linawakweza pa magalimoto ace, ndipo patapita zaka pafupi ziwiri silinathe kunena kumene linatula 44 a iwo. Kapitao wa pa famu akataya ng'ombe 44 sagona pa famupo usiku umenewo. Moseneke anakananso mau aja akuti ndarama zinasowa, pakuti nduna ya za cuma ya cigawoco inacitira umboni kuti palibe anakakamiza a za umoyo kuthetsa panganolo. Analamula kuti banja liri lonse lilandire R1.2 miliyoni. Ndaramazo zinacokera m'thumba la msonkho, ndiko kunena kuti m'thumba lanu ndi langa, ndipo amene anasaina makalata osamutsa anthu anabwerera kwao kukagona.

Tsopano tibwere ku funso lathu. Cifukwa ninji 9 okha? Yankho lace nlowawa. Bwalo lofufuza imfa siliyenda ndi misozi ya acibale, liyenda ndi umboni wa dokotala. Mitembo yambiri inaikidwa m'manda osapimidwa, ndipo makalata a odwala kapena anasowa kapena sanalembedwe konse. Munthu wafa ndi njala, koma pa pepala palembedwa kuti wafa imfa ya cilengedwe, ndipo pepalalo likhala lamphamvu kuposa mlongo wace amene anaona nthiti zace ziri pa mtunda. Kumene mtembo unapimidwa, kumene acibale anaumirira, kumene loya anasunga pepala, ndi kumene woweruza anatha kunena kuti uyu anafa ndi cakuti, ndipo wocititsa ndi uje. Kwina konse nthaka inameza umboni pamodzi ndi munthu. Dziwaninso kuti bwalo lotere silimanga munthu. Lingopeza cimene cinacitika, ndipo zopeza zace zipita kwa oimira boma pa milandu kuti iwo aone ngati angazenge mlandu. Kucokera pa imfa zoyamba kufikira cigamulo cimeneci panapita zaka 8.

Wina adzati, izi nza anthu a ku South Africa, zitikhudza bwanji ife a ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Tete? Tikumbutsane za kale. M'zaka za m'ma 1950 munthu wakuda akagwidwa ku Joni wopanda pasi, anali kumuuza kuti asankhe, ndende kapena famu, ndipo ambiri anatengedwa pa malole kupita ku minda ya mbatatesi ya ku Bethal ndi kwina, banja osauzidwa kanthu. Kumeneko anabvala masaka, anakumba ndi zala, anakwapulidwa ndi zikoti, ndipo ena amene anafa anakwiriridwa pa famu pomwepo. Anthu a kwathu, pokhala alendo opanda wowafunsira, anali ambiri pakati pao. Gert Sibande, Ruth First ndi Henry Nxumalo wa nyuzi ya Drum anaulula zimenezi zaka zingapo, koma boma linangogwedeza mutu. M'caka ca 1959 mkazi wina anapita kwa loya Joel Carlson kukanena kuti mwamuna wace, munthu wa ku Nyasaland, wasowa. Loyayo anapempha khoti kuti lilamule mwini famu abwere naye munthuyo pamaso pa woweruza, ndipo anabwera naye, thupi lace liri ndi mabala oonekera kwa onse. Caka comweco anthu ananyanyala kugula mbatatesi, bungwe la anchito la SACTU liri pakati pa otsogolera, mpaka mbatatesi zinaola m'misika, ndipo boma linaimitsa kacitidwe kameneko. Munthu uja anapezeka cifukwa panali mkazi mmodzi amene anadziwa dzina lace ndipo sanaleke kufunsa.

Ndipo caka comweco ca 1959, m'masiku a Citaganya, pa 3 March, asilikali anaombera anthu pa doko la Nkhata Bay. Bungwe la woweruza Devlin linawerenga 20 amene anafa pamenepo, ndi 51 m'dziko lonse la Nyasaland m'nthawi ya cipolowe ija. Anthu a ku Nkhata Bay awerenga oposa pamenepo. Citaganya cinatha pa 31 December, 1963, ndipo tsankho la ku South Africa linagwa mu 1994, koma khalidwe loyesa munthu wosauka ngati nambala ya m'buku silinafe nazo. Amene anasamutsa odwala a Esidimeni anali anthu akuda anzathu, osankhidwa ndi voti. Tinena izi ndi manyazi, koma tinena.

Tsono lingalirani za madala athu. Mu Mamelodi, mu Atteridgeville, mu Soshanguve muli nkhalamba zimene zinacoka kwao ziri anyamata, zina nthawi ya Wenela isanatsekedwe mu 1974, ndipo sizinabwererenso. Ambiri anasintha maina kuti apeze citupa, kotero kuti dzina limene adziwika nalo ku nchito si limene adziwika nalo ku Mzimba kapena ku Dedza. Mkazi anamwalira, ana anabalalika, nzeru zayamba kuthawa. Odwala a Esidimeni anali ndi alongo ao olankhula cinenero ca dzikolo, anali ndi maloya ndi manyuzi, koma ngakhale conco bwalo linatha kutsimikiza imfa 9 zokha. Nanga mdala wa kwathu amene watuluka m'mawa osabwerera, ndani adzamfunsira? M'caka ca 2024 nyumba ya malamulo ya South Africa inauzidwa kuti m'mamochale a boma munali mitembo yoposa 3,000 yopanda oitenga. Lamulo lilola kuti mtembo umene wakhala masiku 30 osadziwika uikidwe ndi boma. Masiku 30 sacedwa kutha kwa munthu amene aopa kufika pa polisi cifukwa mapepala ace sali bwino.

Ife a mabungwe a anchito tiri ndi mlandu wathu pano. Tidziwa kulemba maina a amene alipira ndarama za mwezi, koma munthu akapuma nchito timfafaniza m'buku ngati wafa kale. Mabungwe athu a maliro adziwa kusonkha ndarama za bokosi ndi za galimoto yopita kumudzi, koma afunsa kawirikawiri kuti tinyamula liti, osafunsa kuti wafa bwanji. Kufulumira kuika maliro ndi mwambo wabwino, koma pamene imfa iri yokaikitsa kufulumirako kuthandiza wolakwa.

Cotero tipempha nthambi iri yonse icite izi. Mukhale ndi buku la akulu onse a kwathu a m'dera lanu, muli dzina la pa citupa, dzina la kumudzi, mfunda wace, mudzi, mfumu ndi boma la kwao, ndi cithunzi ngati cilipo. Mkulu akalowa cipatala kapena nyumba yosungira okalamba, pakhale anthu awiri omuyendera mwezi uli wonse, ndipo akasamutsidwa mufunse tsiku lomwelo kumene wapita ndi amene walamula. Akasowa, musadikire kuti papite tsiku, pakuti ku South Africa palibe lamulo lakuti mudikire. Pitani ku polisi, lembetsani, tengani nambala ya mlandu, ndipo amene mapepala ace ali bwino ndiye atsogole. Dziwitsani ofesi ya kazembe wa dziko lanu mu Pretoria. Yendani m'zipatala ndi m'mamochale masiku 30 aja asanathe. Mukampeza atafa ndipo thupi lace liri lowonda modabwitsa, kapena liri ndi mabala kapena zilonda, musasaine pepala limene simunalimve, ndipo muumirire kuti apolisi alembe ndi kuti dokotala wa boma apime mtembo usanapite kumudzi. Lamulo la dzikolo la 1959 lofufuza imfa linena kuti imfa imene si ya cilengedwe iyenera kufufuzidwa, ndipo silisankha kuti wakufayo ndi mbadwa kapena mlendo.

Alembi a nthambi abwere ndi mabuku amenewa pa msonkhano ukudzawu, ndipo amene adziwa mkulu wa kwathu wokhala yekha apereke dzina lace kwa mlembi sabata lino.