Tisaonere judo ndi maso a nkhonya

Ife a m'makomboni nkhonya timazidziwa. Masiku amene Esther Phiri ankalowa m'bwalo, ku Mtendere ngakhale agogo ankatha kuuza mdzukulu wawo kuti raundi iyi yapita kwa uje. Koma yesani kuika judo pa TV m'bala ya ku Kanyama kapena ku Chawama, mumve zokamba. "Nanga awa angogwirana majekete, ayamba liti kumenyana?" Wina ali: "Ba refa, mwathetseranji? Munthu wangogwa kamodzi!" Mphindi ziwiri zisanathe rimoti yagwidwa kale, mpira wabwerera.

Chimatisokoneza n'chakuti timadikira chibakera chomwe sichidzabwera. Pa mpikisano wa judo palibe kumenya, palibe kuponda. Nkhani yonse ili pa msana: ndani augwetsa pansi msana wa mnzake, ndipo augwetsa motani. Wina wavala zoyera, wina zabuluu, apatsidwa mphindi 4, amuna ndi akazi chimodzimodzi. Woimbira akati "hajime" ayamba, akati "mate" aima ndipo wotchi nayo iima.

Mukagwetsa mnzanu chagada, mwamphamvu, mwaliwiro, inu muli chigwirire, woimbira amaimika mkono tsaa kuloza kumwamba. Imeneyo ndi ippon, ndipo masewero athera pomwepo, kaya padutsa masekondi 10 okha, kaya munali m'mbuyo pa mapointi. Ippon imabweranso mukampanikiza mnzanu chagada kwa masekondi 20, kapena mukamkanyanga pakhosi kaya kumuumitsa chigongono mpaka iye amenye mphasa kawiri kusonyeza kuti wagonja. Ndiye mukaona awiri agwera pansi n'kukhala duu, musapite kukagula mtedza. Yang'anani manambala amene ayamba kuthamanga pakona ya sikirini, chifukwa wapansiyo akuphiriphitha podziwa kuti akafika 20 ulendo wake watha.

Ndi ippon yomwe inatiika pa mapu mu 2016. Ku Olympic ya ku Rio de Janeiro, Mathews Punza wa gulu la makilogalamu 66 anakumana ndi Golan Pollack wa ku Israel, munthu yemwe chaka cham'mbuyo anali atatenga mendulo yamkuwa pa mpikisano wa dziko lonse ku Astana. Aliyense ankati Mzambia wapita kukaperekeza. Punza anamchotsa ndi ippon, Pollack n'kumanga katundu pa masewero ake oyamba omwewo. Angati a ife tinaona, n'kumvetsa kukula kwa chimene chinachitikacho?

Kugwetsa kosakwanira, monga mnzanu akagwa msana osafika pansi wonse, kumapatsa waza-ari, ndipo mkono wa woimbira umatambasukira pambali molingana ndi phewa. Kupanikiza kwa masekondi 10 mpaka 19 nakonso ndi waza-ari, ndipo ziwiri zimapanga ippon. Pansi pake pali kapointi kakang'ono, yuko, komwe bungwe la International Judo Federation linakachotsa mu 2017 n'kukabwezanso mu 2025. Apa ndiye akuluakuluwa amanditopetsa. Malamulo akusintha pafupipafupi ngati mtengo wa minibasi, moti amene anaphunzira judo ali mnyamata akakhala pansi kuonera lero amafunsa nawo mafunso. Chokumbukira n'chakuti ma yuko, kaya achuluke bwanji, sapambana waza-ari imodzi.

Kuvina kuja komwe kumatinyong'onya, kokankhana manja ndi kulandana kolala, m'pamene pali nkhondo yeniyeni. Amene wagwira bwino kolala ndi mkono wa jekete ndiye mwini masewero, chifukwa atha kukoka, mnzake n'kupendekera ku zala za kumapazi, iye n'kutembenuka kumulowetsa chiuno. Onani manja, kenako mapazi. Kutchera ndale ndi phazi n'kololedwa ndithu, koma kudumphira miyendo ya mnzanu ndi manja, momwe timagwetsanira tili ana pa fumbi la ku George, n'koletsedwa. Woimbira amapereka chenjezo lotchedwa shido kwa wochita zimenezo, kwa wongozemba osaukira, kwa wothawira dala kunja kwa malire, ndi kwa wodzigwetsa monamizira kuti akuukira. Shido yachitatu ndi kutuluka. Mphindi 4 zikatha ali ndendende, amapitiriza popanda malire a nthawi mpaka wina apeze pointi kapena adye shido yachitatu. Ineyo kupambana kwa mashido sikundikoma, ndipo ndi kumene kumathamangitsa oonera atsopano, koma popanda chilangochi tikanamaonera anthu awiri akukumbatirana mpaka kuche.

Masewerawa anawayambitsa Jigoro Kano ku Tokyo mu 1882, ndipo analowa mu Olympic mu 1964. Kuno kwathu dzina losaiwalika ndi la Bambo Jude McKenna, wansembe wa chipani cha Capuchin wochokera ku Ireland, amene anafika mu 1966 n'kuphunzitsa judo mibadwo ya anyamata ndi atsikana, mpaka boma la Japan linawapatsa mendulo yaulemu. Zipatso zake tikuziona. Boas Munyonga anabwera ndi mendulo yamkuwa kuchokera ku Commonwealth Games ya ku Glasgow mu 2014 (musadabwe kuona anthu awiri ataima pa nambala 3, judo imapereka zamkuwa ziwiri pa gulu lililonse). Steven Mung'andu anatiimirira ku Tokyo, Simon Zulu ku Paris mu 2024.

Kwa amayi amene mukuopa kuti mwana akathyoka khosi, dziwani kuti phunziro loyamba ndi kugwa. Mwana amaphunzitsidwa kugunditsa chibwano pachifuwa kuti mutu usagunde pansi, kumenya mphasa ndi mkono wonse kuti thupi lisamve kuwawa, ndi kugudubuzika n'kudzuka. Amachita zimenezo mobwerezabwereza asanaloledwe kugwetsa mnzake, ndipo zokanyanga pakhosi ndi zoumitsa chigongono ana aang'ono saloledwa. Ku OYDC, malo amasewero omwe anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa Great North Road pafupi ndi Heroes Stadium, judo imaphunzitsidwa, ndipo kuchokera ku Matero si kutali.

Pempho langa likupita kwa a Alfred Foloko ndi anzawo a Judo Association of Zambia. Bweretsani mphasazo pafupipafupi m'maholo a sukulu ndi a tchalitchi ku Kalingalinga, ku Kanyama, ku Chawama. Ndipo pakhale munthu pa maikolofoni wofotokoza m'Chinyanja, mkono wa woimbira ukangokwera, kuti chachitika n'chiyani ndipo chapita kwa yani.