Samutsani makanema asanaole m'makatoni

M'mwezi wa March 2025 kampani yopanga mafilimu ya Warner Bros. ku America idavomereza kuti ena mwa ma DVD omwe idatulutsa pakati pa 2006 ndi 2008 adayamba kuonongeka okha, osagwa pansi, osakandika. Ogula ankangodabwa filimu yaima pakati, ndipo kampaniyo idati iwasinthira.

Ngati chimbale cha kufakitale chikuola zaka 20 zisanakwane, nanga zija zobena pakompyuta zomwe zangoti mbwee m'makatoni a m'maofesi athu? Zimenezi zimasunga zithunzi pa utoto wopyapyala womwe umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chipinda cha malata ku Nchalo m'mwezi wa October si malo oti chimbale chotere nkukhalitsa.

Tikunena za zimbale zomwe zili ku parishi, kusukulu, kuwailesi za m'madera, m'mabungwe komanso kwa ajambuli a patauni omwe adajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kwa zaka zambiri. Filimu ya ku Hollywood ikaonongeka mudzaipeza kwina. Koma kanema wa ukwati wa mwana wanu, momwe muli agogo omwe adatisiya akuvina pelekanipelekani, palibenso kwina komwe mungamupeze. Ngakhale makina oonetsera akusowa, poti malaputopu ambiri a masiku ano sabwera ndi poika chimbale.

Ife tikuona kuti nthawi yakwana yoti akuluakulu a malo antchito asamutsire makanemawa mu hard drive. Ntchitoyi si yodula monga ambiri amaganizira. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, kutanthauza kuti hard drive ya 1 TB itha kumeza zimbale pafupifupi 200. Chomwe chimadya kwambiri ndi nthawi. Chimbale chimodzi chikatenga mphindi 20, zimbale 1,000 zifuna maola oposa 330, omwe ndi miyezi iwiri ya munthu mmodzi osagwira ntchito ina, magetsi osathimanso. Nchifukwa chake nkulakwa kumupatsa mlembi ntchitoyi ngati ya apo ndi apo. Asankhidwe munthu, apatsidwe nthawi, ndipo ayambe ndi zimbale zomwe ofesiyo idajambula yokha.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chongothira zonse mu hard drive imodzi nkutaya zimbale kudzala. Hard drive nayo imafa, nthawi zina pongogwa patebulo, ndipo ikafa imapita ndi zonse tsiku limodzi. Akatswiri osunga zinthu amalangiza kuti pakhale makope atatu, ndipo imodzi izikhala kunyumba ina. Omwe adaona madzi a namondwe wa Freddy akulowa m'nyumba mu March 2023 sangafunse chifukwa chake. Zimbale zakalezo zisungidwebe pouma ndi pamthunzi.

Pali kantchito kena konyozeka komwe anthu amakadumpha: kulemba maina. Mukatsegula DVD pakompyuta mumapeza mafayilo ofanana maina, monga VTS_01_1.VOB, ndipo mukawaunjika chomwecho mudzafufuza tsiku lonse mwambo umodzi. Kanema aliyense alembedwe chaka, malo ndi mwambo wake, ndipo mndandandawo ukhalenso m'kaundula wa pepala. Izi zichitike omwe akuzindikira nkhope za m'makanemawo asanapume pantchito.

Tichenjezenso kuti kusunga si chilolezo chogulitsa. Nyimbo ndi mafilimu a eni ake zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo ofesi yomwe ikufuna kukopa zimbale zogula iyambe yafunsa ku COSOMA. Makanema oonetsa odwala kapena ana asamangotsegulidwa ndi aliyense wopeza kompyuta.

Inunso makolo musadikire ofesi. Ngati mudajambulitsa mwambo zaka zapitazo, pitani kwa mjambuli wanu sabata ino ndi flash, mukamufunse ngati chimbale chanu chikuwerengabe.