Msilikali akachitidwa chipongwe, akadandaule kwa yani?

Pa 22 Epulo 2020, mtsikana wa zaka 20 dzina lake Vanessa Guillén anasowa pa msasa wa asilikali wa Fort Hood, m'chigawo cha Texas ku United States. Iye anali msilikali. Asanasowe anali atauza mayi ake kuti mmodzi wa akuluakulu ake pantchito amamuvutitsa ndi nkhani za chiwerewere, koma amaopa kukanena. Thupi lake linapezeka kumapeto kwa mwezi wa Juni pafupi ndi mtsinje wa Leon. Msilikali mnzake amene ankaganiziridwa kuti ndiye anamupha anadziwombera yekha apolisi atamuyandikira.

Kuopa kwa mtsikanayu ndi kumene kwandigwira mtima. Anaphunzira kugwira mfuti, anavala yunifomu ya gulu la nkhondo lamphamvu zedi padziko lapansi, koma pakamwa pake panali pomangika. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. M'gulu la nkhondo, bwana wako ndiye amakupatsa ntchito ya tsiku, ndiye amavomereza tchuthi, ndiye amalemba lipoti loti ukwezedwe kapena ayi. Ndipo ku America panthawiyo, wamkulu wa gulu ndiye ankagamula ngati mlandu wogwiririra upite ku khoti la asilikali kapena uthere mu ofesi. Tsono wodandaula apite kuti ngati wolakwayo ndi bwana yemweyo, kapena mnzake amene amadya naye mbale imodzi?

Banja la Vanessa silinakhale chete. Asilikali aakazi ambirimbiri, ena opuma kale, anayamba kufotokoza poyera zimene zinawaonekera. Gulu la akatswiri osakhala asilikali limene linafufuza msasawo linapeza kuti atsogoleri analekerera khalidweli mpaka linazika mizu, ndipo mu Disembala 2020 akuluakulu 14 anachotsedwa kapena kuimitsidwa pa maudindo awo. Chaka chotsatira, komiti imene anakhazikitsa nduna ya zachitetezo, a Lloyd Austin, inapereka mfundo 82 zofunika kusintha. Lamulo limene linasainidwa mu Disembala 2021 linachotsa m'manja mwa akuluakulu a magulu mphamvu yogamula za milandu yogwiririra, n'kuipereka kwa maloya apadera oima paokha, amene anayamba ntchito yawo mu Disembala 2023. Mu Januwale 2022, kuvutitsa munthu ndi nkhani za chiwerewere kunalembedwa kukhala mlandu paokha m'malamulo a asilikali.

Ena anatsutsa kusinthaku. Iwo ankati mtsogoleri wopanda mphamvu yolanga sangasunge mwambo pakati pa asilikali ake, ndipo mfundo imeneyi si yopepuka, poti kunkhondo kumvera ndiko kumapulumutsa moyo. Koma ine ndikuona kuti mwambo umene umafuna kuti wogwiriridwa akhale chete ndi mwambo woteteza mbiri ya gulu, osati anthu ake. Msilikali amene amaopa mnzake wa mu tenti yoyandikana nayo kuposa mdani sangamenye nkhondo ndi mtima wonse.

Musaganize kuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Ku South Africa, mu 2019, nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, mayi Nosiviwe Mapisa-Nqakula, anasankha gulu lapadera loti lifufuze nkhanza za mtunduwu m'gulu la nkhondo la dzikolo. Ndipo khalidwe lolekereredwa mu baraki silithera pa geti. Mu Okutobala 2023, asilikali asanu ndi atatu a dzikolo amene ankasungitsa mtendere ku Beni, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, anabwezedwa kwawo chifukwa cha nkhani zotere. Izi zinachitika patapita zaka 20 chikhazikitsireni lamulo la mlembi wamkulu wa United Nations, a Kofi Annan, la mu 2003, loletsa ogwira ntchito za bungweli kugonana ndi mwana wosakwana zaka 18 kapena kusinthanitsa ndalama, chakudya ndi ntchito ndi thupi la munthu. Bungweli lilibe mphamvu yozenga mlandu msilikali. Lingathe kungomubweza, ndipo chilango chimadalira dziko limene linamutumiza. Mayi wa ku Beni kawirikawiri samva n'komwe mmene mlandu wake wathera. Kumbukirani kuti kuyambira 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anatumikira limodzi m'dera lomweli, choncho funsoli likukhudza ana athu amene timawaperekeza ndi nthungululu popita ku usilikali.

Inu alangizi ndi a makomiti a m'midzi mukulidziwa bwino vutoli, ngakhale simunalowepo mu baraki. Mtsikana akagwiriridwa ndi mphwake wa amfumu, nkhani imakambidwa usiku, mbuzi imaperekedwa, mawa kumacha ngati palibe chachitika. Lamulo limakhala lilipo, koma njira yopita nalo imadutsa pakhomo pa wolakwa. Ku Fort Hood maphunziro oletsa nkhanza ankachitika ndithu, ndipo ofesi yolandira madandaulo inalipo. Ofufuza aja atacheza ndi asilikali aakazi mmodzimmodzi, anapeza kuti ambiri mwa amene anachitidwa chipongwe sanakagogode pa chitseko cha ofesiyo, poopa kubwezeredwa, kusalidwa ndi anzawo ndiponso kuwonongekeredwa ntchito.