Mabuku Adzabwera, Nanga Kiyi Asunga Ndani?

Kuyambira pamene dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, takhala tikukumbutsana kuti adani a mtundu wathu ndi atatu: umphawi, umbuli ndi matenda. Pa atatuwa, umbuli ndiwo umatsekulira anzakewo chitseko. Boma lidamanga sukulu, lidatsekula sukulu za kwacha, ndipo m'chaka cha 1994 lidachotsa fizi ku pulayimale, kotero kuti chiwerengero cha ana olembetsa chidachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni nkufika pa 3 miliyoni. Zonsezi nzoyamikika. Koma kuphunzitsa munthu kuwerenga osampatsa choti awerenge kuli ngati kusulira khasu munthu wopanda munda. Khasu lotere limangochita dzimbiri. Alipo ambiri m'midzi mwathu amene adafika Sitandade 6 kapena 7, koma lero amavutika kuwerenga kalata ya kuchipatala. Aphunzitsi awo sadalephere ayi, koma kuti chichokereni kusukulu anthuwa sadagwirenso buku.

Tikunena izi maso athu ali ku Khonjeni, m'boma la Thyolo. Amene adafikako akudziwa kuti malowa ali pa njanji yochokera ku Limbe, yodzera ku Luchenza kutsikira ku Sandama, njanji imene atsamunda adamaliza kuyala mu 1908. Thyolo ndi boma la anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo gawo lalikulu la nthaka yake yachonde lili ndi tiyi wa maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa. Makolo a anthu ambiri a m'bomali adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique nagwira thangata kuti apeze pokhala. Mwana wobadwira kumeneko alibe munda waukulu woti adzalandire kwa makolo ake. Chuma chimene angadalire ndi chimene aike m'mutu. N'chifukwa chake tikuti anthu a ku Khonjeni ayenera kukhala ndi laibulale yamoyo, ya anthu onse, yosasankha kuti uyu ngwa sukulu, uyu ngwothyola tiyi, uyu ndi mayi wogulitsa nthochi pamsika. Tikutinso ntchito imeneyi isadikire Lilongwe.

Tisanamizane, chovuta pa ntchito yotere si mabuku. Bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lakhala likugawa mabuku m'sukulu ndi m'malaibulale a m'midzi kwa zaka zambiri, mothandizidwa ndi mabungwe akunja monga Book Aid International la ku Britain. Chovutacho si nyumbanso, pakuti anthu amene adaumba njerwa za sukulu ndi zipatala zawo pa ntchito zodzithandiza sangalephere chipinda chimodzi cha denga losadontha. Chimene chimapha malaibulale a m'midzi ndi loko. Tsiku lotsekulira pamakhala magule, malankhulidwe ndi kujambulitsa zithunzi. Pakatha miyezi ingapo, amene ankasunga kiyi wasamutsidwa kapena wapita ku Joni, makatoni ali pakona, ndipo chiswe, chimene sichidikira kuti komiti ikumane, chayamba kale ntchito yake.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu idamveka ponseponse, koma ambiri amaimva theka. Mnyamatayu adasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adasowa fizi. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe padali kalaibulale ka mabuku operekedwa kuchokera ku America. M'menemo adapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha ndi zitsulo zotola kudzala. Mbiri yake idatuluka m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 idasanduka kanema woonetsedwa m'maiko ambiri. Dziko limatama mnyamatayo, ndipo nkoyenera kutero. Ife tifuna kutamanso mayi mphunzitsi amene ankayang'anira kachipinda kaja. Iye ankatsekula chitseko, ndipo ankabwereketsa mabuku kwa mwana amene sadali m'kalasi ina iliyonse. Akadati mabuku nga ana a sukulu okha, kapena akadakhoma loko napita kukapalira, bwenzi nkhani imeneyi kulibe.

Tsono ntchito yoyamba ya anthu a ku Khonjeni ndiyo kupeza anthu otere, osati mmodzi koma asanu kapena kuposa, osinthana masiku, pakuti mutu umodzi susenza denga. Maina awo ndi masiku awo alembedwe pachitseko kuti wojomba adziwike. Alipo aphunzitsi opuma pa ntchito, alipo achinyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 nakhala pakhomo, alipo amayi a m'magulu a mipingo. Ku Ndata, m'boma lomweli, kuli sukulu yaukachenjede ya Malawi University of Science and Technology imene idatsekulidwa mu 2014. Ophunzira ake apemphedwe mwaulemu kuti pa tchuthi azidzathandiza ana masamu ndi sayansi. Odzipereka onsewa aphunzitsidwe kulemba kaundula wa mabuku, kumata buku long'ambika, ndi kulondola buku lochedwa kubwerera popanda kuchititsa manyazi wobwereka. Akatswiri a National Library Service ndiwo amadziwa ntchito imeneyi, ndipo kalata yowapempha ilembedwe njerwa yoyamba isanawotchedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a m'maofesi timachiphonya nthawi zonse, ndicho nthawi yotsekulira. Laibulale yotsekulidwa 8 koloko m'mawa nitsekedwa 4 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ya anthu ovala matayi. Nthawi imeneyo wothyola tiyi ali m'munda dengu lili kumsana, makamaka m'miyezi ya mvula pamene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo akathyola ayenera kukaima pa sikelo. Mwana wake ali m'kalasi. Chitseko chizitsekulidwa madzulo anthu akaweruka, ndiponso Loweruka ndi Lamulungu. Izi sizovuta ku Thyolo. Chifukwa cha mishoni ya Malamulo, imene idayamba mu 1902, m'bomali muli anthu ambiri opembedza Loweruka. Amenewa angathe kutsekula Lamulungu, ndipo anzawo opembedza Lamulungu angatsekule Loweruka. Nyali ziwiri za sola zikwanira kuti ophunzira aziwerenga dzuwa litalowa.

Tinenenso mosabisa kuti wodzipereka nayenso amadya. Munthu amene wasiya ganyu kuti akhale pakati pa mashelefu masana onse sangalipidwe ndi mawu oti zikomo chaka chathunthu. Kangachepe ka sopo mwezi uliwonse si malipiro, ndi ulemu chabe, ndipo komiti imene ikana ulemu umenewu idzapeza kiyi atamsiya pazenera.

Apa ndi pamene pafunika ndalama, ndipo apa ndi pamene ntchito zabwino zambiri zidafera. Anthu athu si oumira. Amasonkha pa maliro, amasonkha pa ukwati, amaponya ndalama ku banki m'khonde osaphonya sabata. Chimene adatopa nacho ndicho kusonkha ndalama zosamvekanso kumene zidalowera. Motero lamulo loyamba likhale lakuti ndalama zonse zisungidwe ku banki, osati m'thumba la wapampando. Osainira akhale atatu. Wopereka aliyense, ngakhale wapereka zochepa chotani, alandire lisiti. Ndipo kutha kwa mwezi uliwonse msungichuma amate pakhoma pepala losonyeza zolowa ndi zotuluka, lolembedwa m'Chichewa, kuti wogulitsa tomato awerenge yekha. Komiti yoopa pepala lotere ndiye kuti ili ndi chobisa.

Njira zopezera ndalama tikuzidziwa tonse. Ulendo wa ndawala, mpikisano wa mpira, zisudzo za ana a sukulu, tchopa wovinidwa pabwalo anthu akuponya m'mbale: zonsezi zimabweretsa ndalama zambiri tsiku limodzi, ndipo nzabwino pogulira malata, matabwa ndi mipando. Koma sizingasunge chitseko chotsekula chaka chonse. Chimene chimasunga chitseko ndi chopereka chaching'ono chosalekeza, chochokera kwa eni magolosale, aphunzitsi, azaumoyo, akapitawo, ndi ana a ku Khonjeni amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Masiku ano mtunda si chowiringula, pakuti ndalama zimayenda pa foni kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Wowerenga yekha ndiye asalipitsidwe pakhomo. Tsiku limene laibulale idzayambe kufunsa ndalama yolowera, idzabweza mwana yemwe uja idamangidwira.

Eni maesiteti afikiridwe, koma komiti ipite ndi ndondomeko yolembedwa bwino, osati kungotambasula dzanja. Wantchito wodziwa kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala opopera ndi phindu kwa esiteti yomwe. Kuonjezera apo, maesiteti ndi magulu a alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa tiyi wawo pansi pa chizindikiro cha Fairtrade amalandira ndalama yapadera ya chitukuko, imene antchito ndi alimi eni ake amasankha chochita nayo. Ngati ndalama zotere zimakumba mijigo ndi kumanga midadada ya sukulu, palibe choletsa kuti zigulenso mabuku. Chimodzimodzinso thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene lidayamba mu 2006: pempho lidzere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipite ku ya dera, lifike ku khonsolo, monga mwa dongosolo.

Nanga ndalama zikapezeka, zigule mabuku otani? Mabuku a mphatso ochokera kunja ambiri nga Chingerezi, ndipo ena amakamba za moyo umene mwana wa ku Khonjeni sadauonepo. Tiwalandire ndi manja awiri, koma tikumbukire kuti Kamkwamba yemwe ankavutika ndi Chingerezi cha m'mabuku aja ndipo ankadalira zithunzi. Ndi angati amene akadapirira chotero? Ndalama za anthu eni ake zigule mabuku a chinenero chawo. Pashelefu pasasowe Nthondo wa Samuel Josia Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu wa E.J. Chadza, Njala Bwana wa Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata wa Jolly Max Ntaba, ndi ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Ana aang'ono apeze timabuku ta Werengani. Mlimi amene nthochi zake zidatha ndi matenda a chisaka apeze timapepala ta alangizi a zaulimi ndi ta akatswiri a ku Bvumbwe. Ndipo ngati alipo wachinyamata wa dzanja labwino, akhale pansi ndi agogo alembe nthano ndi miyambi ya Chilomwe, pakuti imeneyo sidzabwera m'katoni yochokera ku London.

Olemba mabuku nawonso aitanidwe. Mwana wa kumudzi amaganiza kuti buku limalembedwa ndi munthu wakutali kapena wakufa kalekale. Tsiku limene adzaone wolemba buku akutsika pa njinga ya kabaza, fumbi lili m'nsapato, akuwerenga nkhani yake ndi pakamwa pake nayankha mafunso, mwanayo adzadziwa kuti nayenso angathe kulemba. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union lingathandize kupeza alendo otere, ndipo masiku oyenera alipo kale: 23 Epulo, tsiku la mabuku pa dziko lonse, ndi 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga. Koma mlendoyo asaitanidwe kudzakhala chokongoletsa pagome. Tonse tikuidziwa miyambo imene akuluakulu asanu ndi awiri amalankhula motsatizana dzuwa mpaka kupendeka, mwini tsikulo nkupatsidwa mphindi zisanu ana atayamba kale kubalalika. Pa tsiku la wolemba mabuku, mfumu ilandire alendo, kenaka wolembayo atenge bwalo. Abwezeredwe ndalama yoyendera, ndipo komiti igule mabuku ake angapo pa mtengo wake weniweni. Kulemba ndi ntchito, ndipo mtundu umene ufuna mabuku a chinenero chake uyenera kuwagula.

Padali nthawi m'dziko muno pamene mlakatuli Jack Mapanje adasungidwa m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, buku lake litachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale. Nthawi imeneyo idapita, ndipo isabwererenso kudzera pakhomo la komiti ya laibulale. Kwa inu atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera tikuti: memani anthu, senzani njerwa, perekani chopereka chanu poyera kuti ena atengerepo chitsanzo, koma khoma la laibulale lisapakidwe utoto wa chipani chilichonse, ndipo wolemba mabuku asafunsidwe kumene adaponya voti. Laibulale yodziwika kuti nja chipani chakuti imatsekedwa tsiku lotsatira chisankho.

Inu ogwira ntchito m'boma muli ndi gawo lanu losavuta kuliona. Mlangizi wa sukulu za pulayimale wa deralo akudziwa aphunzitsi opuma amene akadali ndi mphamvu. Mlangizi wa chitukuko cha m'midzi akudziwa kalembedwe ka malamulo a komiti. Akuluakulu a kukhonsolo ya Thyolo angathe kuloza malo kapena chipinda chimene chikungokhala. Kumanani ndi mafumu, atsogoleri a mipingo ndi oimira antchito a m'maesiteti miyezi ya chilimwe, pamene ntchito ya tiyi yachepa ndipo njerwa zingaume. Mfundo yoyamba pa msonkhanowo isakhale ya mlendo wolemekezeka wodzadula riboni. Ikhale ya maina a anthu asanu osunga kiyi, masiku awo, ndi kumene kuchokere ndalama ya sopo wawo m'miyezi 12 yoyamba.