Mtanda wofumbwa sumatidwa, umachotsedwa

Pa ntchito yanga yokhoma madenga ku Ndirande ndi ku Bangwe, pempho limene limandiwawa ndi ili: "Amisiri, ingokhomanipo kathabwa m'mbalimo, zina tidzaona chaka chamawa." Amakonda kutero ndi eni nyumba za lendi, poti ogona pansi pa dengalo ndi ana a anthu ena.

Ine ndimakana. Chiswe chimadya mtengo kuyambira m'kati, n'kusiya khungu lokha looneka bwinobwino. Gogodani ndi hamala, mumva kulira ngati ng'oma. Msomali wokhomedwa pamenepo sugwira kanthu, ndiye kathabwa katsopanoko kadzatsamira chiyani? Mphepo yobwera ndi mvula yoyamba, mu Okutobala kapena Novembala, imalowa pansi pa malata n'kuwakankhira m'mwamba. Chimene chimagwira denga nthawi imeneyo ndi misomali ndi waya womangirira mitanda ku khoma. Mtengo ukakhala wofumbwa, zonsezo zimazuka pamodzi.

Ntchito yake si yovuta, koma imafuna kudekha. Timayamba tachirikiza denga ndi mitengo yolimba mbali zonse ziwiri, kenako n'kuchotsa mtanda umodzi, kuikapo watsopano, ndiye n'kupita pa wina. Kuzula iwiri nthawi imodzi n'kuika moyo pachiswe. Tisanatseke timafufuza chimene chinawononga mtengowo. Kawirikawiri chimakhala kabowo ka msomali pa lata komwe kakhala kakudontha mwakachetechete, kapena tinjira tadothi ta chiswe tokwera ndi khoma kuseri kwa kabati. Mukasiya zimenezo, mtengo watsopanowo nawo mwaupereka kwa chiswe.

Pa matabwa m'pamene timakangana kwambiri ndi eni nyumba. Nyumba zakale za ku Zomba zina zinamangidwa ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe sichiufuna, koma mtengo umenewo tinaudula mpaka watsala pang'ono kutheratu. Lero tili ndi paini, monga wa ku Chikangawa, ndi bulugamu. Paini ndi wofewa, ndipo wosapaka mankhwala sachedwa kudyedwa. Pakani Solignum, makamaka kunsonga kumene mwacheka ndi pamene thabwa lagona pa njerwa. Ambiri amapaka oilo wakuda wochotsedwa m'galimoto. Amathandizako, koma salowa m'kati mokwanira. Bulugamu wamuwisi ndiye ayi ndithu: akamauma ali padenga amapindika, kung'aluka, n'kukoka malata.

Ndikudziwa kuti matabwa adula ndipo ndalama ikuvuta. Koma mtanda umodzi ndi tsiku limodzi la mmisiri sizingafanane ndi kugulanso malata onse, osanena za munthu wogonekedwa ku chipatala cha Queens denga litamugwera.

Inu okhala m'nyumba za lendi, kwerani pampando mu Ogasiti, kukadali kouma, mubaye mitanda ndi nsonga ya mpeni. Mpeni ukalowa mosavuta, kaitaneni eni nyumba adzabaye okha, ndipo mugwirizane tsiku lobwera mmisiri mvula isanayambe.