Ku Hanoi safunsa kuti mudya cani

Ku Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, kuli malo odyela ambili kumene munthu safunsidwa kuti adya cani. Mukangokhala pa kampando ka pulasitiki, kafupi monga ka mwana wa ku nasale, mbale yafika kale. Kulibe menu, cifukwa banja la pa nyumbayo limaphika cinthu cimodzi cabe, ndipo cikwangwani ca pakhomo cakamba kale kuti n'ciani. Ngati simucifuna, pitani khomo lotsatila, kumene banja lina liphika cina. Mphika ukatha amatseka, olo ikhale 10 koloko m'mawa.

Ine niona kuti amai athu amene amaphika nsima m'misika ya mu Lusaka angapindule na nzelu imeneyi, ndipo amene timawaletsa ndife akudya, ine na imwe.

Cakudya codziwika kwambili kumeneko ni phở. Ni msuzi wa mafupa a ng'ombe amene amawilitsidwa kwa maola ambili, nthawi zambili usiku wonse, pamodzi na anyezi na jinja wowocha pa moto, sinamoni na zonunkhila zina. M'mbale amaikamo tuzingwe twa ufa wa mpunga tooneka monga spaghetti, nyama yodula mopyapyala na masamba, ndiye n'kuthilapo msuzi uja uli cibwatile. Mcele wake ucokela ku nước mắm, madzi a tunsomba tung'ono monga kapenta tumene tumasungidwa mu mcele kwa miyezi yambili. Fungo lake mu botolo lingakuthamangitseni, koma mu msuzi ni nkhani ina.

N'nadyako pa nyumba ina yotelo pamene n'napita ku Hanoi pa nchito kwa masiku ocepa. Mphika unali pakhomo penipeni, osati kumbuyo kobisika, ndipo pa mphikapo panali agogo aakazi amene makasitomala onse anali kuwaitana kuti bà, kutanthauza agogo. Anthu a kumeneko amaitanana na maina a cibale monga mmene ticitila ife. Mwana wawo wamwamuna anali kudula nyama, mpongozi anali kulandila ndalama, ndipo banja lonse limagona pamwamba pa sitolo yomweyo. Mbale yanga n'naiona na maso anga kucoka pa mphika kufika pa thebulo, mphindi imodzi siinakwane. Nyama anaiika yaiwisi, inapsela m'mbale momwemo na kutentha kwa msuzi. Ndimu na mphilipili umadziikila wekha. N'nalipila ndalama zawo za dong zokwana pafupifupi madola awili. Pafupi nane panali mwamuna wa tayi na mnyamata wa njinga yamoto, onse mawondo m'mwamba pa tumipando tuja, palibe amene anali kuyang'ana mnzake.

Pa vikwangwani vambili pamalembedwa mawu akuti gia truyền, kutanthauza kuti kaphikidwe aka n'kosiyilana m'banja. Mu Hanoi muli banja lina limene laphika cakudya cimodzi ca nsomba kwa zaka zopitilila 100 pa lesitilanti yochedwa Chả Cá Lã Vọng, mpaka msewu wonse unapatsidwa dzina la cakudyaco, Chả Cá. Mu May 2016, Barack Obama ali pulezidenti wa America anakhala pa kampando ka pulasitiki pa malo ena a banja mu mzinda womwewo, n'kudya bún chả, nyama ya nkhumba yowocha pa malasha, pamodzi na Anthony Bourdain wa pa TV. Bilu ya onse awili inali madola 6. Thebulo limene anadyelapo analiika mu galasi kuti anthu aziliona.

Manje tiseluke basi, tibwele kwathu. Imwe amene mumaseluka pa Kulima Tower kapena pa City Market, 13 koloko ikakwana mumalowa mu msika, ndipo funso loyamba ni lakuti, "Amai, muli na ndiwo bwanji?" Amai aja ayambe kuvundukula mapoto: nkhuku ya kumudzi, T-bone, nsomba, kapenta, vimbombo, nyemba, cibwabwa, impwa, delele. Akakamba kuti lelo kuli cabe nsomba na repu, timakwinya nkhope n'kupita pa sitandi ya anzawo, ati apa palibe vakudya.

Ganizilani zimene funso limeneli limawacita amai aja. Amauka 04 koloko kupita ku Soweto. Kandalama kawo ka mpamba amakagawa pa zinthu khumi, ciliconse pang'ono pang'ono, ndiye sangagule ciliconse pa mtengo wa oda. Mbaula zifunika zitatu kapena zinayi, ndipo mtengo wa malasha muudziwa mwekha. Zonse zifunika zipse 11 koloko isanakwane, koma moto sungakwane mapoto onse, ndiye wobwela 15 koloko amapeza nkhuku yofunda cabe. Madzulo kwasala tunthuli pano, tunyemba apo. Akataya ni losi, kusunga kufuna filiji, malaiti nawo ni aja amabwela mmene afunila. Mawa lake zotsala zija zimabwelela pa moto, ndipo ise amene tinafuna ndiwo khumi ndise oyamba kudandaula kuti m'mimba mwavuta. Amai aja sin'ngawaimbe mlandu. Amaphika zimene timawapempha.

Agogo a ku Hanoi amagula mafupa, nyama, tuzingwe tuja na masamba, kwamana. Amadziwa mbale zimene mphika wawo umatulutsa. Mphika sucoka pa moto kufikila utatha, ndipo a zaumoyo amatiuza caka na caka kuti cakudya cotentha bwino-bwino cimapha tuzilombo twa kolela. Ife a mu Lusaka nkhani iyi si ya m'buku. Kolela imene inayamba mu October 2017 inacititsa kuti asilikali acotse ogulitsa m'misewu ya mu tauni. Ya mu 2023 na 2024 inapha anthu opitilila 700 m'dziko muno, masukulu anacedwa kutsegula, ndipo National Heroes Stadium inasanduka cipatala. Nthawi zonse woyamba kuthamangitsidwa amakhala mzimai wa mphika.

Sinikamba kuti ku Vietnam ni kumwamba iyayi. Nakonso anthu amadwala na zakudya za m'mbali mwa msewu, mbale amatsukila m'mabeseni pansi, ndipo mu 2017 akuluakulu a mzinda wa Ho Chi Minh City nawonso anathamangitsa ogulitsa m'njila za oyenda pansi. Bizinesi ya banja ilinso na mbali yake yowawa: mpongozi angagwile nchito zaka popanda malipilo a pa mwezi, ndipo mwana amanyamula mbale nthawi imene anzake awelenga. Izi tizidziwa bwino kuno, sitifunika kukaphunzila kwina.

Wina pa mpando wa kumbuyo akamba kale kuti, "Ba column, nsima si supu, siidyeka na ndiwo imodzi." Zoona. Koma ya nyama imodzi na ya masamba imodzi zikwana pa sitandi imodzi. Kusankha kuzikhala pa mzele wonse: apa pa nsomba, apo pa nkhuku ya kumudzi, uko pa vimbombo. Ndipo si cinthu cacilendo kwa ife. Wa michopo palibe amamufunsa kapenta. Amai a cikanda palibe amawafunsa mpunga, ndipo mu komboni iliyonse anthu amadziwa kuti cikanda cabwino cili kwa ndani, mpaka amakwela basi kucilondola. Pa nsima pokha ndiye timafuna kuti mzimai mmodzi akhale hotela yonse.

Covuta n'cakuti mzimai mmodzi sangayambe yekha, cifukwa makasitomala adzathawila kwa mnzake wa mapoto khumi. Zifunika kuti amai a mzele umodzi akhale pansi na komiti ya msika, agawane ndiwo, aliyense atenge imene dzanja lake limaikhoza kwambili, ayese olo kwa mwezi umodzi. Aliyense alembe dzina lake na ndiwo yake pa cikwangwani. Ku Thornpark tonse timangokamba kuti tipita ku Matebeto, koma ni angati amene angachule dzina la amai amene anawaphikila nsomba ija?

Cimene amai sangacite okha ni madzi. Mphika umodzi umacepetsa zotsala, koma sutsuka mbale, susambitsa m'manja. M'misika yambili wotenga levy sacedwa, tsiku lililonse ali pa sitandi na kabuku kake, koma madzi amai amagula pa cigubu, ndipo madzi ogula munthu amatsukila mbale makumi awili asanawataye. Mzele uliwonse wa zakudya ufunika pompi yake na ngalande yotayila madzi oipa, ndipo ndalama ya levy ya mzelewo iyambe yalipila zimenezo isanapite kwina.